A Musaphethire ndi Hadidiraivi Yolemera

Amene akufuna kuseka a Musaphethire ayambe wakayang'ana pakhoma la kwawo. Chithunzi cha ukwati wa makolo ake anajambula ndani? Nanga chija ali khanda, atamukhazika pampando mamina ali chuchuchu? Pamsewu uja palibe nyumba yopanda ntchito ya manja a bambo ameneyu, ndiye pakamwa pazikhala ndi malire. Zimene zinawagwera n'zochititsa manyazi, eni ake sakana. Koma zikambidwe mmene zinayendera, osati mmene akuzithirira mchere anthu a kometera tsitsi, anthu oti ngakhale lumo amachita kubwereka.

Dzinalo linachokera pantchito. Munthu akakhala kutsogolo kwa kamera, iwo amati, "Chibwano m'mwamba, musaphethire," ndipo mawuwo awanena zaka zambirimbiri moti dzina lawo lenileni linatsala pachiphaso basi. Situdiyo yawo ndi kachipinda kamodzi pakati pa telala ndi sitolo ya penti. Muli katani yabuluu, ina yojambulidwa mathithi ndi nyumba yosanja, mpando umodzi, maluwa apulasitiki otuwa ndi fumbi, kalilole, ndi chipeso chomangirira chingwe kuti chisatsagane ndi makasitomala. Pamsomali pali jekete lakuda ndi tayi zobwereka aliyense wofuna chithunzi chofunsira ntchito. Jekete limenelo lapezetsa anthu ntchito kuposa masatifiketi awo.

Sukulu sanapite nayo patali. Ntchito anaiphunzira ndi maso, akutsuka zithunzi za eni ake m'chipinda chamdima, mpaka anadzagula kamera yawoyawo. Inali yachitsulo, yolemera ngati njerwa. Tsiku lina inagwa panjinga, n'kugubuduka mpaka m'ngalande, iwo n'kuitola, kuipukuta ndi malaya, n'kukajambulira ukwati tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo anakhala ndi lamulo limodzi pogula zinthu: chabwino chimalemera. Loko, nsapato, simbi, poto, ngakhale sopo. Akalowa m'sitolo sayamba ndi kufunsa mtengo. Amachinyamula chinthucho, kuchidumphitsa pang'ono m'dzanja, mutu atapendeketsa ngati dokotala womvetsera pachifuwa. Ndipo tisanamizane, lamulolo linawasunga. Loko wa pasitudiyo akuba anamuyesapo n'kumusiya. Manegetivi onse a nthawi ya filimu ali m'bokosi lachitsulo loti amuna awiri amalinyamula akubuula, ndipo palibe ngakhale limodzi linasowa. N'chifukwa chake ankayenda chifuwa chili patsogolo n'kumati, "Ine nkhope ya munthu sinditaya."

Filimu itatha anagula kamera ya masiku ano ndi laputopu yakale, n'kuziphunzira mochita kutukwana. Nthawi yomweyo ndi imene tsidya la msewu kunabwera wokonza njinga wina n'kuzika kashedi ka malata. Anthu ankamutcha a Sipoko, chifukwa anali woonda ndi wowongoka ngati sipoko yeniyeni. Awiriwa anagwirizana ngati abale a bere limodzi. Ankagawana tiyi ndi mabodza, n'kumakuwirana nkhani modutsitsa msewu magalimoto akudutsa pakati. Koma kamera a Sipoko sankaifuna. Ankati nkhope yawo ndi ya mkazi wawo, si ya pakhoma, ndipo mnzawoyo akangoloza kamera, iwo ankatembenuka n'kumuonetsa msana.

Analowa m'situdiyo kamodzi kokha, atawaumiriza a kumsika kuti pakhale chithunzi pachiphaso cha malo. Anavala jekete lija manja ali bii ndi girizi, n'kukhala ngati akuyembekeza jakisoni. A Musaphethire anajambula chaching'ono chija, kenako n'kuponya nthabwala ya mkazi wa telala. A Sipoko anaphulika kuseka, mpata wa mano uli poyera, ndipo kamera inalira kachiwiri. Anakalipa kuti chifufutidwe, mnzawo anavomera ndi pakamwa pokha. Tizithunzi tating'ono tija sitinakhalitse: kena kanapita ndi chiphaso chitasowa, totsalato tinachapidwira m'thumba la buluku. Choseka chija sichinasindikizidwepo. Chinangokhala mu laputopu.

A Sipoko anamwalira mwadzidzidzi nyengo yozizira, atangodandaula pachifuwa masiku owerengeka. Maliro atatha, a Musaphethire anauza mkazi wa mnzawo za chithunzi chija, kuti achikulitsa n'kuchiika m'felemu. Mayiyo anakana kaye. Anati maso ake sangathe kuchiyang'ana panopa, achisunge, adzabwera yekha mtima ukakhala pansi. Iwo anamenya pachifuwa n'kunena mawu awo a masiku onse aja.

Ndiye laputopu inadzaza. Ukaiyatsa, unkatha kupita kukamwa tiyi n'kubwerako isanadzuke. Wokonza mafoni wa pakhonde la sitolo ya penti, amene amadzitcha yekha Injiniya, anaiona n'kunena kuti njira ndi imodzi: kuipukuta yonse n'kuyambiranso. Koma kaye agule hadidiraivi ya panja, kabokosi kolumikiza ndi chingwe kosungiramo zinthu za pakompyuta, asamutsiremo zithunzi zonse.

Mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito muofesi ndipo makompyuta amachezera nawo tsiku lonse, anawaperekeza kusitolo yaikulu. M'njira monse ankawalangiza. Agule pamalo opereka lisiti, oti chinthu chikafa ukhoza kubwerera nacho. Atenge ya kampani yodziwika, ngakhale isakhale yaikulu kwambiri, bola yokwana zithunzi zawo ndi kutsalako malo. Zikatheka zikhale ziwiri, ina izigona kunyumba. Ndipo asafufute kanthu mu laputopu asanatsegule zithunzi zoyambirira kulowa, osati zomalizira zokha. Bambowo ankangoti eya, eya, maso ali kwina.

Wogulitsa atatulutsa imene mwanayo analoza, iwo anainyamula, kuidumphitsa, n'kupendeketsa mutu.

"Aka?" anatero. "Bokosi la machesi limaposa apa. Mtengo wonsewu ndigulire mphepo?"

"Adadi, izi sayeza ndi dzanja."

"Iwe pobadwa unandipeza ndikugula kale zinthu."

Ananena mokweza, wogulitsa ndi makasitomala akumva. Mwanayo anangotola chikwama chake, n'kupepesa kwa wogulitsa, n'kutuluka.

Patangopita masiku, pasitudiyo panadutsa munthu wa chikwama kumsana, wogulitsa matchaja ndi mahedifoni. Anthu oterewa amanunkhiza ngati agalu. Anamva kwa telala kuti mdala akufuna hadidiraivi, ndipo ayenera kuti anamvanso za kayezedwe kawo, chifukwa sanataye nthawi ndi kulongosola. Anangoitulutsa n'kuwaika m'dzanja. Yonyezimira, yozizira, yolemera mpaka dzanja linatsika lokha. Anati imanyamula zinthu kuposa ya kusitolo ija kangapo, mtengo wake wosafika ndi theka lomwe. A Musaphethire anaidumphitsa, mtima n'kukhala m'malo. Mbava ija inawathira mafuta kuti bwana ndinu odziwa katundu, ambiri amangoona kunja. Munthu wa mtundu umenewu, akadzagwidwa, asadzapite naye kupolisi msanga. Adzayambe amudutsitsa pamsewu uja.

Injiniya nayenso asadziyeretse. Atamva mtengo anakwinya nkhope, akuti kukula kumeneko sikugwirizana ndi kutchipa kumeneko. Koma ataiika pa laputopu, kompyuta nayo inavomereza kuti malo alimo ochuluka, iye n'kungokweza mapewa. Kusamutsa kunatenga tsiku lonse. Pomaliza anafunsa ngati aona kuti zonse zalowa. A Musaphethire anayang'ana: mayina a zithunzi ali ndondondo, chaka ndi chaka, osasowa ndi limodzi lomwe. Anatsegula zingapo za kumapeto, ukwati wa mwezi watha, khanda la wogulitsa penti, zonse zili bwinobwino.

"Pukuta," anatero.

Madzulo ake anaimbira mwana wawo kumuuza kuti mdala wosaphunzira uja wapeza yaikulu kuposa yake pamtengo wa nthochi. Mwanayo anafunsa za lisiti. Iwo anati lisiti ndi la anthu osadziwa katundu. Paja ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Miyezi inadutsa. M'mawa wina mkazi wa a Sipoko anaima pakhomo la situdiyo, atavala bwino ngati wopita kuchipatala kukaona wodwala.

"Alamu, ndabwera," anatero. "Nkhope yayamba kundithawa. Ndikatseka maso ndikumangoona chipewa chokha."

A Musaphethire anamupukutira mpando, n'kutuma telala kuti abweretse tiyi. Analumikiza kabokosi kaja monyadira, n'kupeza dzina limene analilemba okha kalelo, Sipoko akuseka. Anadina. Panatuluka chinthu chotuwa ngati khoma losapaka penti. Anadinanso. Anayesa chithunzi choyandikana nacho, anayesa cha chaka china, anayesa china. Zonse khoma lomwelo. Mayi uja anali atagwira kapu ndi manja awiri, akuyang'ana maluwa apulasitiki, kudikira kuti amuitane adzaone.

Apa ndi pamene munthu wamkulu anagwa. Akananena pomwepo. M'malo mwake anati magetsi lero ndi ofooka, kompyuta sikukoka bwino, abwere mawa. Mawa lake anati inki yatha. Ulendo wotsatira anati pepala lalikulu silikupezeka m'tauni monse. Mayiyo sankatsutsa. Ankangoti chabwino alamu, n'kubwerera, ndipo ulendo uliwonse ankadutsa pafupi ndi kashedi ka mwamuna wake kamene tsopano mukugulitsidwa makala.

Tsiku lina anamuonera patali akubwera. Bambo wa imvi zake, wa zidzukulu, anathawira kuseri kwa katani yabuluu n'kuima chilili, mpweya atagwira. Telala anayesa kuwaphimba, akuti angotuluka kumene. Koma katani ija sifika pansi. Nsapato zawo zolemera zija, zimene msewu wonse umazidziwa, zinali poyera. Mayiyo anaziona. Kenako analankhula mofatsa, maso ali pa nsapatozo.

"Akabwera muwauze kuti mlamu wawo anafika."

A Musaphethire anakhalabe kuseri kwa katani mayiyo atapita kale, fumbi likuwalowa m'mphuno.

Masana ake anapita nako kabokosi kwa Injiniya. Iye anayesa izi ndi izo, kenako anapempha kuti akatsegule. Atakanula ndi sikuludiraiva, onse awiri anasuzumiramo. M'katimo munali kafulashi kakang'ono ngati chikhadabo, komatidwa ndi guluu pakona. Malo otsalawo munali manati awiri akuluakulu, adzimbiri, ngati omwe a Sipoko ankasunga m'chitini, nawonso omatidwa kuti asagwedere. Kulemera kuja kunali kumeneko. Injiniya analongosola motsitsa mawu kuti kafulashiko anakaphunzitsa kunamiza kompyuta. Mayina kamalemba onse, koma kakadzaza, zithunzi zatsopano zimaponda zakale. Zimene zinapulumuka ndi zomalizira zokha zija. Za laputopu, anaipukuta yekha ndi manja ake, ndipo pamwamba pake palembedwa kale zina. Sanaseke, ndipo pa chimenecho chokha tingamuyamikire.

A Musaphethire anazungulira tauni yonse kufuna munthu wa chikwama uja, kudepoti, kumsika, pamaloboti. Ogulitsa matchaja onse anali asanamuonepo chibadwire. Atatopa anaimbira mwana wawo. Mwanayo anabwera ataweruka kuntchito, n'kuyang'ana manati aja pathebulo nthawi yaitali. Ananena kamodzi kokha kuti munandichititsa manyazi m'sitolo muja, adadi, ndipo sanabwerezenso. Kenako anati zithunzi zambiri sizinafe zonse, zili m'makoma ndi m'maalubamu a anthu. Akhoza kuzibwereka, kuzijambulanso, n'kuyamba kusunga mwatsopano. Mwinanso a Sipoko angapezeke kumbuyo kwa chithunzi cha munthu wina, poti ambiri ankakonda kujambulitsa panja, msewu uli kumbuyo kwawo.

Bambowo anati zimenezo ndiye kuuza msewu wonse, khomo ndi khomo, kuti Musaphethire wataya nkhope za anthu.

"Nanga kuseri kwa katani mukhalako mpaka liti?" anafunsa mwanayo. Telala anali atamuuza kale.

M'mawa mwake anakulunga kabokosi kotsegula kaja m'kampango n'kupita kwa mlamu wawo. Anamupeza akuchapa. Anawalowetsa pabalaza, pomwe pampando wa a Sipoko panali poyalidwa nsalu yoyera, ndipo iwo anakhala pamphepete pa mpando wina ngati mwana woitanidwa kwa ahedi. Anamasula kampango, n'kunena zonse: za kusitolo, za mwana wawo, za munthu wa chikwama, za magetsi ndi inki ndi pepala zimene sizinathe n'komwe. Mawu ankatuluka ang'onoang'ono, osati aja omveka tsidya la msewu.

Mayiyo anatola nati imodzi n'kuitembenuza m'manja.

"Mnzanu akanaseka mpaka kugwa pampando," anatero. Koma iye sanaseke. "Ndiye kuti palibiretu?"

"Palibe, alamu."

"Chinthu kutayika chimatayika. Nanenso ndinachapa zithunzi zija zinali m'buluku. Koma nsapato zija, alamu. Ine ndi munthu woti mundibisalire? Ndinakutengani kuti ndinu m'bale wake."

A Musaphethire anangoti ayesa kufufuza m'nyumba za anthu, ndipo mayiyo anati yesani, n'kubwerera kukachapa kwake osawaperekeza.

Ulendo umenewo musaufunire mnzanu. Khomo lililonse ankayamba ndi odi, kenako nkhani yomweyo kuyambira pachiyambi, chipewa chili m'manja. Ena anawamvera chisoni n'kutulutsa maalubamu. Ena anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa: mayi wina amene zithunzi za ukwati wake zinanyowa ndi mvula ankadalira kuti kwa a Musaphethire ziliko, ndipo anawalalatira ana akumva. Iwo anaima n'kumvetsera mpaka anamaliza. Kometera tsitsi anawapatsa dzina latsopano, a Manati, ndipo wina anawatumira mwala kuti auyeze ngati ungasunge nyimbo. Kale akanagubuduza mipando. Ulendo uno anangodutsa. Chaona mnzako chapita, inu a malumo obwereka.

Kusitolo kuja anabwererako ndi mwana wawo, kwa wogulitsa yemwe uja. Anatenga ziwiri zazing'ono za kampani yodziwika, lisiti n'kulipinda bwino m'thumba la malaya. Dzanja linafuna kudumphitsa, analibweza m'thumba. Atafika kusitudiyo mwanayo anawakhazika pansi kuti adzaze imodzi mpaka pakamwa ndi zinthu zilizonse, kenako atsegule zoyambirira, zapakati ndi zomalizira. Zonse zinatseguka. Kuyambira pamenepo chithunzi chilichonse chobwereka ankachijambula, kuchisunga muwiri monse, n'kuchibweza kwa mwini wake tsiku lomwelo.

A Sipoko ndiye sankapezeka. Kashedi kawo kankaoneka kumbuyo kwa anthu ambiri, pena gudumu, pena mpope, koma mwini wake ayi. Munthu uja kamera ankaizemba ngati ngongole. Mpaka kwa namwino wina wopuma pantchito, m'alubamu ya chikuto chong'ambika, munapezeka chithunzi cha namwinoyo ataima ndi njinga yatsopano kutsogolo kwa situdiyo. Kumbuyo kwake, tsidya la msewu, munthu woonda atawerama panjinga yogadamitsa, msana ku kamera. Chipewa, khosi, khutu limodzi, chigongono chili m'mwamba.

Anachikulitsa mpaka pamene chinayamba kusungunuka, n'kubwezako pang'ono. Anachiika m'felemu yabwino kuposa onse amene anali nawo, n'kuchikulunga m'pepala. Panjira anaima kawiri kufuna kubwerera. Munthu unalonjeza nkhope yoseka, ukapereke msana?

Anachipereka maso ali pansi, akupepesa kuti si chimene chija, nkhope sikuoneka, ndiponso muli mayi wina amene akhoza kumudulamo ngati akufuna. Mkazi wa a Sipoko anapita nacho pazenera. Anachiyang'ana nthawi yaitali moti a Musaphethire anayamba kupinda ndi kupindula pepala lokulungira lija.

"Khosi ndi lakedi," anatero mayiyo. "Apa tcheni chinali chitamukwiyitsa. Akakweza chigongono chonchi, kunyumba kuno tinkadziwa kuti lero tisamufunse zambiri." Anapukuta galasi ndi m'mphepete mwa nsalu yake. "Anamwinowa asiyeni, anali kasitomala wake. Nkhope ndiziyesa ndekha."

Iwo anati apitiriza kufufuza. Mayiyo analowa kuchipinda n'kutuluka ndi hamala ya mwamuna wake ndi msomali, n'kuwapatsa, akuti m'nyumba muno mulibenso wokhoma. A Musaphethire anavula nsapato, n'kukwera pampando. Msomali woyamba unapindika. Wachiwiri unalowa, iwo n'kupachika chithunzicho. Mayiyo anabwerera m'mbuyo mpaka pakhomo, n'kupendeketsa mutu.

"Chapendama, alamu. Kwezani kumanzereko."

Anakweza.

"Pang'ononso."